Achimwene anga sanasiye mankhwala chifukwa cha kusamva

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndinene za umphawi ndi matenda, chifukwa nkhaniyi inalowa m'nyumba mwathu n'kutitengera munthu. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande, ndipo ndimakazinga mandasi ndi zitumbuwa n'kumagulitsa m'mamawa pafupi ndi siteji ya minibasi. Sukulu ndinalekera Fomu 2. Zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa, zina ndinamva pa wailesi ndi kwa alangizi a zaumoyo amene amatiyendera kuno.

Achimwene anga amene ndinapondana nawo ankachita ganyu yonyamula matumba mumsika wa Limbe, ndipo ankachita lendi kachipinda kamodzi ku Bangwe ndi akazi awo ndi ana anayi. Anayamba kutsokomola nthawi yozizira. Tonse tinati n'chimfine cha chiperoni. Ankagula panado pa golosale, mawa lake n'kubwerera kumatumba. Chifuwacho chinatha miyezi itatu, usiku akutuluka thukuta mpaka bulangete kunyowa, thalauza atayamba kulimanga ndi chingwe. Ndikawauza za kuchipatala ankandiyankha kuti, "Achemwali, ndikakaima pamzere tsiku lonse, anawa adya chiyani madzulo?" Munthu wa ganyu alibe tchuthi cha odwala. Akapanda kusenza thumba lero, ka walkman ka ufa sikalowa m'nyumba lero lomwelo.

Pomaliza ndinawakoka ndekha. Anapereka makhololo, anawapeza ndi TB. Anamwino anatilandira bwino ndipo anatifotokozera zonse: mankhwala ndi aulere, amwedwe tsiku lililonse kwa miyezi 6, osadumphitsa ngakhale thupi litayamba kupeza bwino, ndipo mkodzo ukafiira tisachite mantha, ndi mankhwalawo. Anatiuzanso kuti wodwalayo azidya mokwanira, mazira, nsomba, nyemba, zipatso. Achimwene anangoyang'ana pansi.

Miyezi iwiri yoyamba ndinawasunga kwathu. Mankhwala amenewa amautsa njala yoopsa. Akamwa m'mamawa, pofika 9 koloko manja ankanjenjemera, ndipo ndinkawasiyira mandasi awiri a pabeseni yogulitsa ndi tiyi. Nsima ya masana ankaimaliza mpaka kukokota mbale, kenako n'kuchita manyazi poona ana anga akuwayang'ana. Koma thupi linabwerera, chifuwa chinaleka, anayamba kuseka. Nthawi imeneyo n'kuti ku Bangwe lendi itakwana miyezi itatu, eni nyumba atanena kuti achotsa chitseko. Mlamu wanga ankachapa zovala za anthu, koma ndalama yake inkathera pa ufa. Achimwene anabwerera kumsika.

Tsiku lokatenga mankhwala likafika, ankayenera kusankha: alipire minibasi kupita ndi kubwera n'kutaya ganyu ya tsiku lonse, kapena asenze matumba apeze ya lendi. Ulendo woyamba anachedwa ndi sabata. Wachiwiri sanapite n'komwe, ndipo sanandiuze. Patapita miyezi ingapo chifuwa chinabweranso, champhamvu kuposa poyamba, chotulutsa magazi. Ndinakhala gadiyani wawo masabata atatu, kugona pansi, kuphika pa mafuwa kuseri kwa chipatala pamodzi ndi amayi ena ochokera ku Chikwawa ndi ku Thyolo. Geni yanga inaima, mpamba wonse unadyedwa. Anamwalira usiku wa Lachinayi ndili pambali pawo.

Pamaliro ndinamva anthu akunong'onezana kuti, "Anali osamva, anasiya okha mankhwala." Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba kalatayi. Achimwene ankadziwa bwino lomwe zimene anamwino ananena, ankatha kuzibwereza mawu ndi mawu. Chimene analibe ndi ndalama ya lendi, ya ufa ndi ya minibasi kwa miyezi inayi yotsalayo. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chipepeso chimene anthu anasonkha, kuphatikiza bokosi ndi galimoto yopita nawo kumudzi, chinaposa kutali ndalama imene ikanawasunga pakhomo mpaka kumaliza mankhwala. Ife Amalawi pa maliro timagwirana manja, sindikunyoza zimenezo, inenso zinandithandiza. Koma pamene munthuyo ankatsokomola ali moyo, palibe mbale imene inazungulira. Ngakhale ine mlongo wawo sindinaganize zopita kwa a mpingo kapena kwa anzawo a kumsika kukapempha.

Atamwalira achimwene, matenda anatsikira kwa ana awo. Wamng'ono, wa zaka ziwiri, tsitsi linayamba kufiira n'kumathothoka, mapazi kutupa. Ku sikelo anamuyeza ndi kalamba kaja ka pamkono, kanaima pofiira. Anamulembera chiponde n'kutsindika kuti amenewa ndi mankhwala a mwana yekhayu, asagawireko ena. Tsiku lina ndinafika ku Bangwe masana ndipo ndinapeza mlamu atakhala pakhonde, atang'amba kapaketi, mwana ali pamiyendo akunyambita. Atatu enawo anaima mozungulira, chete, maso ali pa kapaketiko. Mbaula inali yozizira, kusonyeza kuti chiyambire m'mawa moto sunayake. Mlamu anapisa chala n'kupaka pakamwa pa aliyense, mmodzimmodzi. Ndinawakalipira kuti akuchedwetsa mwana kuchira. Anandiyang'ana nati, "Mlamu, mukanakhala inu mukanatani?" Ndinasowa chonena. Madzulo omwewo ndinatenga ana awiri akuluakulu, ndipo ndikukhala nawo mpaka pano.

Ndinamva kuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 ndi opinimbira. Sindinadabwe. Ndimawaona m'mawa uliwonse akudutsa pa beseni langa, mwana wa Sitandade 4 msinkhu ngati wa Sitandade 1, kapu ya pulasitiki italendewera pachingwe. Kapu imeneyo ndi ya phala la kusukulu. A Mary's Meals, amene anayamba ntchito yawo kuno ku Malawi mu 2002, ndimawathokoza ndi mtima wonse, chifukwa kwa ana a achimwene phala limenelo ndilo chakudya chotsimikizika cha tsiku. Sukulu zikatsekera, nkhope zawo zimasintha ndikuona. Koma mwana amapinimbira asanayambe n'komwe sukulu, ali m'mimba ndi ali kubere, pamene mayi ake akudya nsima ya mchere kamodzi patsiku. Pamenepo phala la kusukulu silifika.

Nanga madzi? Kuno ku Blantyre madzi ambiri amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mapiri onsewa. Ife amene tilibe mpope pakhomo timagula pa kiyosiki, ndowa iliyonse ndalama. Nyumba ya anthu asanu ndi awiri ngati yangayi, werengani ndowa zakumwa, zophikira, zosamba, zochapira. Ndalama ikachepa, kapena mipope ikauma, amayi amatsikira ku Nasolo kapena ku zitsime zokumba pafupi ndi zimbudzi. Palibe mayi amene sadziwa kuti madzi a mu Nasolo ndi oipa, fungo lokha limanena. Amapitako chifukwa kumeneko salipiritsa.

Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Uthenga unali ponseponse: sambani m'manja ndi sopo, wiritsani madzi akumwa. Uthengawo ndi woona. Koma sopo ndi wogula, ndipo kajumbo ka makala kamene kangawiritse madzi ndi komweko kamene kaphike nsima. Chimene chinatipulumutsa pa mzere wa nyumba zathu ndi alangizi a zaumoyo amene ankayenda khomo ndi khomo kutithirira klorini m'mabotolo, ulere. Ataleka kubwera, ambiri tinabwerera kumadzi osathira kanthu. Mliriwo usanathe, mu March 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Ena ankafunsa kuti anthuwo anamangiranji m'phiri. Funsani mtengo wa puloti kapena wa lendi kumalo abwino, yankho mulipeza.

Sindikunena kuti palibe chimene chikuchitika. Ma ARV ndi aulere kuyambira 2004, ndipo ndili ndi anzanga amene tinkawalira kale koma lero akulera zidzukulu. Katemera wa taifodi anayamba kumuyesa pa ana a kuno ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu 2018, ndipo mu 2023 anaperekedwa m'dziko lonse. Ana anga analandira. Masikito timalandira, amayi apakati amapita ku sikelo osalipira. Zonsezi n'zabwino ndipo zisaleke. Koma pafupifupi chilichonse mwa zimenezi chimadikira munthu pakhomo la chipatala. Kuchoka panyumba kukafika pakhomo limenelo, ndi kubwerera kukadya, wodwala amadzionera yekha. Nthawi zinanso umafika, dokotala n'kukulembera m'buku, pawindo n'kukuuza kuti amenewa atha, kaguleni ku famase. Amayi ena oyandikana nane odwala BP amamwa piritsi tsiku limodzi n'kudumpha lina kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi.

Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo wafalikira m'maboma onse. Azakhali anga kumudzi amalandira, ndipo ndaona kusintha: anagula mbuzi, adzukulu awo ali ndi yunifolomu. Koma ife osauka a m'tauni timaoneka ngati tili bwino chifukwa timagona pansi pa malata. Kumudzi amati tili ku Blantyre, tiwatumizire. Feteleza wotsika mtengo ndi wa amene ali ndi munda. Pamene ife kuno chilichonse n'chogula, madzi, moto, ndiwo, malo ogona, ngakhale chimbudzi cha kumsika. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ophikira ndi fulawa zinakwera sabata yomweyo, koma mandasi sungawakweze chimodzimodzi chifukwa ogula ako nawonso ndi amphawi anzako. Mu 2021, nthawi ya Covid-19, mabanja ena a m'mizinda analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu kudzera pa foni. Mnzanga wina amene analandira anabweza katapila, n'kutengera mwana wake wa mphumu kuchipatala, yotsala n'kuyambira geni ya tomato imene akuchita mpaka lero. Zimenezi zinaonetsa kuti njira yofikira ife ilipo. Bwanji sikhala yokhazikika?

Pempho langa loyamba likupita kwa a unduna wa zaumoyo ndi mabungwe amene amawathandiza. Munthu wosauka akapezeka ndi TB, pa miyezi 6 imeneyo apatsidweko kangachepe, kaya ndi thumba la ufa ndi nyemba, kaya ndi ndalama ya pa foni. Mwagula kale mankhwala odula, mwalipira anamwino ndi oyeza makhololo. Zonsezo zimapita pachabe ngati wodwala wabwerera kumatumba mwezi wachitatu, ndipo akadwalanso amapatsira ana amene amagona nawo m'kachipinda kopanda windo. Komanso odwala a nthawi yaitali azitha kutengera mankhwala pafupi ndi kwawo, kapena Loweruka, kuti wa ganyu ndi wa kabaza asamataye tsiku. Mwana akalembedwa chiponde, wina afunseko kuti kunyumbako kuli ana angati ndipo adya chiyani. Maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Aphungu athu akamakambirana bajeti azilikumbukira lonjezo limenelo, ndipo aziwerengera madzi a pa kiyosiki ngati nkhani ya zaumoyo, chifukwa kolera imayambira pamenepo.

Kwa aphungu ndi makhansala athu ndinenenso ichi mwaulemu. Mabokosi ndi magalimoto a maliro amene mumathandiza nawo timayamika. Koma tabwerani mudzafunse mafumu ndi alangizi a zaumoyo kuti ndi nyumba ziti muli odwala amene akulephera ya minibasi. Amazidziwa zonse, khomo ndi khomo.

Ifenso tisadikire boma lokha. Pa banki m'khonde yathu tili amayi 18. Maliro a achimwene atatha ndinawafotokozera anzangawo zonsezi, misozi ili m'maso, ndipo tinagwirizana kuti pambali pa thumba la maliro tikhale ndi thumba la odwala. Aliyense amaponyamo kangachepe Lamlungu lililonse. Ndalama imeneyi sibwerekedwa pa geni ndipo ilibe chiwongoladzanja, ndi ya minibasi yopitira kuchipatala, ya mankhwala akasowa, ndi ya ufa wa nyumba imene mwini wake wagona. Ndi kathumba kakang'ono ndipo kamatha msanga, makamaka miyezi ya mvula pamene malungo ndi kutsekula m'mimba zachuluka. Komabe kathandiza kale mabanja asanu. Ndikupempha mipingo, mizikiti ndi makomiti a m'misika aganizirepo. Amene amalemba mayina a chipepeso angathenso kulemba mayina a odwala.

Mwana wa achimwene uja tsopano akuyenda, kalamba ka pamkono kakuima pobiriwira. Koma mlamu wanga wayamba kutsokomola, iyi ndi sabata yachitatu, ndipo akuti n'chimfine chabe. Ndawauza kale amayi a pagulu kuti Lachiwiri ndidzatenga ya minibasi m'thumba lija. Ndidzakazinga usiku, mandasi adzagulitsa mwana wanga wamkulu asanapite kusukulu, ine n'kulawirira ku Bangwe kukawatenga kuti akapereke makhololo.

Mayi wogulitsa mandasi,
Ndirande, Blantyre