Madokotala a ubongo alumikizidwe ndi zipatala za m'maboma pa foni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu ovulala m'mutu pangozi, makamaka pano poti njinga zamoto za kabaza zadzadza paliponse ndipo ambiri akukwera opanda helemeti, ena mpaka atatu panjinga imodzi.

Chomwe ambirife sitidziwa nchoti munthu akamenyetsa mutu patala amatha kukomoka pang'ono kenako nkudzuka, kumayankhula bwinobwino, mwinanso kumakana zopita kuchipatala amvekere ndili bwino ine, pomwe mkatimo mtsempha waduka magazi akuunjikana nkumapanikiza ubongo. Pakapita maola ochepa wayamba kusanza, kusinza, kamwana ka diso limodzi kakula kuposa kanzake. Apa pamafunika opareshoni yoboola chigaza kuti magaziwo atuluke, ikachitika msanga ambiri amachira nkubwerera kuntchito zawo. Ikachedwa ndiye maliro, kapena munthu alumala mpaka kalekale.

Tsono madokotala opanga opareshoni ya ubongo kwathu kuno ndi owerengeka, ali ku Queens ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pa Kamuzu Central paja. Nanga wovulala ku Nsanje, ku Chitipa, ku Likoma? Amene amamulandira usiku ndi clinical officer ndi namwino, makina ojambula mkati mwa mutu a CT scan palibe, akumuunika m'maso ndi tochi ya pafoni, ndipo ayenera kuganiza yekha kuti uyu ndimutumize pompano kapena agone tione mawa, ambulansi nayo mafuta ndi operewera. Ntchito amaidziwa anthuwa, koma chiganizo chotere sichoyenera kusenza munthu mmodzi.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi loti pakhale nambala imodzi, usana ndi usiku, yoti chipatala cha boma lililonse chiziyimba pa vidiyo nkupeza dokotala wa ubongo amene ali pa ntchito tsikulo. Amuone yekha wodwalayo, amve kuti sikelo ya GCS, yoyezera kuti wodwala watsitsimuka kapena wakomoka motani, yoyambira 3 kulekeza 15, ili pati ndipo ikutsika kapena ayi, anene mankhwala oyambira, anenenso kuti ambulansi ilunjike kuti. Pamene galimoto ili pamsewu kutsogoloko akhale akukonza sikani, magazi ndi fiyeta, osati wodwala afike kenako nkuyamba kulondola mzere ngati wabwera ndi chimfine. Ndipo kumene sikani yajambulidwa, tinene ku Mzuzu, zithunzizo zizitumizidwa pa intaneti nthawi yomweyo dokotala aziwerenge ali komwe ali. Izi zithandizanso kuti amene sakufunika opareshoni asamayendetsedwe mtunda wautali pachabe, achibale nkumavutika ndi thiransipoti ndi chakudya kutauni.

Ena anena kuti netiweki imavuta, magetsi amazimazima. Nzoona, komatu Chipatala Cha Pa Foni chinayamba mu 2011 ku Balaka ndipo chinafalikira dziko lonse, anthu nkumayimba 54747 kumalandira malangizo ali kumudzi. Ngati zinatheka kwa odwala zilephereke bwanji pakati pa madokotala okhaokha? Pa WhatsApp ena amafunsana kale, koma ndi bandulo yogula okha komanso zimadalira kuti ukudziwana ndi ndani, ndiye chithunzi cha wodwala chizikhala m'foni ya munthu pamodzi ndi zaukwati? Ayi, boma ligule matabuleti ndi sola, likambirane ndi MACRA, Airtel ndi TNM kuti nambalayo ikhale yaulere, ndipo liyambe ndi zipatala za m'mbali mwa msewu wa M1 komwe ngozi sizikutha.

Ndine wowerenga wanu,
ku Ntcheu