Kachilombo ka malungo kamapirira kutentha

Akonzi,

Mdzukulu wanga atabwera kuchokera ku Mutoko anatentha thupi mpaka madigiri 40. Ndinachezera kumupukuta ndi kansalu konyowa kuno ku Mbare, mtima uli m'mwamba.

Chondiwawa n'chakuti kutentha kotereku sikukamaliza kachilombo koyambitsa malungo kotchedwa Plasmodium falciparum. Kali ndi mapuloteni otchedwa Hsp70 ndi Hsp90, amene amagwiriziza mapuloteni anzawo kuti apindike bwino, asaume ngati dzira pamoto. Omwewa ndi amene amakatchinjiriza kakachoka mu udzudzu n'kulowa m'magazi athu ofundawa.

Vuto ndi lakuti nafenso tili nawo ofanana nawo, choncho mankhwala ayenera kugunda a kachilomboko okha. Chonde, tilembereniko za kafukufuku wa mankhwala oterewa m'chinenero chathu, timve pamene wafika.

Ndine wowerenga wanu,
Mbare, Harare