Wofooka posambira asatsekeredwe khomo la swimrun

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa masewera a swimrun, ophatikiza kuthamanga ndi kusambira mosinthanasinthana, omwe ena mwa ife othamanga a muno mu Lilongwe tayamba kuwaganizira, ngakhale kuti ambiri tinaphunzira kusambira titakula kale, m'madziwe omangidwa momwe pansi pamaoneka ndipo khoma logwira silikhala patali. Nkhaniyi ikangoyambika, odziwa madzi amafulumira kutiuza kuti masewerawa si athu. Ine ndikutsutsana nawo, chifukwa malamulo a swimrun amapereka mpata waukulu kwa munthu wofooka m'madzi, bola akonzekere moona mtima ndipo asadzinamize za mphamvu zake.

Masewerawa anabadwira ku Sweden m'chaka cha 2002, pomwe amuna anayi anabetcherana zodutsa zilumba za kufupi ndi Stockholm pothamanga ndi kusambira, ndipo mu 2006 kubetcheranako kunasanduka mpikisano wa ÖTILLÖ. Ulendo wake, wochokera ku Sandhamn kukafika ku Utö, umakhala wa makilomita pakati pa 70 ndi 75, ndipo pafupifupi makilomita 10 mwa amenewa ndi osambira. Munthu sasintha zovala panjira. Amasambira atavala nsapato, amathamanga atavala wetsuit, chovala chosambirira chothina choteteza ku madzi ozizira, ndipo chilichonse chomwe wanyamuka nacho ayenera kufika nacho kumapeto. Palibe amene akunena kuti wongoyamba kumene athamangire mpikisano waukuluwu, popeza ilipo ina yaifupi, ya makilomita 15 kapena kucheperapo, ndipo ngakhale ku Cape Town m'dziko la South Africa masewerawa amachitika.

Chomwe otiletsa amaiwala n'chakuti kusambirako kumagawidwa m'zigawo zambiri, ndipo pakati pa chigawo ndi chinzake munthu amaponda nthaka, mtima n'kukhala pansi. Choncho posankha mpikisano, wofooka asayang'ane kwambiri kuchuluka kwa mtunda wonse wosambira, koma afunse kutalika kwa chigawo chachitali koposa, komanso ngati chili koyambirira kapena kumapeto pomwe thupi latopa kale. Amene angathe kusambira mtunda umenewo panyanja osapuma, atavala nsapato, n'kutsala ndi mphamvu, ali ndi ufulu woima pamzere woyambira.

Komanso pachikhalidwe chake swimrun ndi masewera a anthu awiri, omwe saloledwa kutalikirana kupitirira mamita 10. Ambiri amamangana chingwe chotamuka m'chiuno, wodziwa kusambira n'kutsogola. Apa ndi pomwe pagona chipulumutso cha munthu ngati ine. Wotsogolayo ndi amene amadzutsa mutu kuyang'ana kolowera, ndi amene amang'amba madzi, pomwe wam'mbuyo amangotsatira mapazi a mnzake ndi kusamala kapumidwe kake. Aliyense amene anasambirapo panyanja akudziwa kuti chotopetsa wofooka si mtunda wokha ayi, koma kukhotakhota chifukwa chosowa mzere wotsatira, ndiponso mantha omwe amabwera ukayang'ana pansi n'kuona mdima wokhawokha. Akafika pamtunda zinthu zimatembenuka, wothamanga bwino n'kukoka mnzake pachitunda, kotero kuti palibe amene amakhala katundu wa mnzake ulendo wonse.

Zipangizo nazo n'zololedwa. Nsapato zonyowa zimakokera miyendo pansi, ndipo n'chifukwa chake osewera amapana pull buoy, kachipangizo kopepuka koyandama, pakati pa ntchafu kuti thupi liyandame mowongoka komanso kuti miyendo ipume podikira kuthamanga. Kwa ife izi n'zofunika kwambiri, chifukwa madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere ndipo sayandamitsa munthu ngati a m'nyanja zamchere, komanso ndi ofunda moti wetsuit yokhuthala, yomwe imathandiza kuyandama, ingamuwotche munthu pothamanga. Pa zopalasira zovala m'manja ndikuchenjeza anzanga kuti asatengeke ndi zazikulu, poti zimafuna mapewa okhwima, ndipo wosazolowera amavulala nazo asanafike n'komwe pa tsiku la mpikisano.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikupeputsa madzi. Nyanja yathu yameza anthu odziwa kusambira, ndipo mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, mafunde amakula mwadzidzidzi moti ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo m'malo a bango muli nkhono zofalitsa likodzo, matenda omwe wosambira kawirikawiri ayenera kukayezetsa kuchipatala. Chifukwa cha zimenezi, kukonzekera kwa wofooka kuyenera kuchitikira pa malo odziwika, m'mawa madzi ali bata, motsatira gombe osati molunjika pakati, bwato lili pambali. Aphunzire kupuma mbali zonse ziwiri kuti funde likamamenya kumanja azipumira kumanzere, aphunzire kugona chagada mantha akamugwira, ndipo azolowere chizungulire chomwe chimabwera munthu akaimirira msangamsanga potuluka m'madzi pa miyala yoterera. Zonsezi dziwe lomangidwa silingaphunzitse.

Vuto lathu lenileni muno mu Lilongwe ndi kusowa kwa mwayi wophunzira zimenezi motetezeka. Senga Bay ku Salima ili pa mtunda woti munthu angathe kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo ku Cape Maclear kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe zomwe zikanakopa osewera ochokera kutali, koma wofuna kuyesera amangopita yekha kapena ndi mnzake mmodzi, popanda wowayang'anira. Ndikupempha a Malawi National Council of Sports pamodzi ndi atsogoleri a masewera osambira ndi othamanga kuti akonze masiku ophunzitsa kusambira panyanja, ngakhale kamodzi pamwezi, kunja kwa nyengo ya mwera. Alembe ganyu asodzi a m'deralo kuti aziperekeza osambira ndi mabwato awo, aike zizindikiro zoyandama pa mtunda wa mamita 200 kapena 300 kufupi ndi gombe, ndipo alumikize othamanga a mumzinda ndi achinyamata a kunyanja omwe anakulira m'madzi, kuti awiriawiri ayambe kuyeserera limodzi.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe