Akalipentala athu aphunzitsidwe kukhoma maboti

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za maboti olo ndikulemba kuchokera ku Lilongwe kopanda nyanja. Ndine kalipentala ku Mchesi ndipo chikundiwawa nchoti luso la matabwa tili nalo lambiri koma likungothera pa masofa, makabati ndi mabokosi a maliro, pomwe ku Senga Bay, ulendo wa maola awiri chabe, anthu akulowabe pakati pa nyanja ndi bwato losema, ndipo mitengo ikuluikulu yosemera mabwatowo nayonso ikutha.

Ambiri amaganiza kuti boti lotha kuyenda pa nyanja yamchere limatuluka ku fakitale kokha. Ayi ndithu. James Wharram wa ku England anadzikhomera yekha la matabwa, mabwato awiri olumikiza, lotalika mamita 7 basi, mu 1955 ananyamuka nalo kwawo mpaka anawoloka Atlantic kukafika ku Trinidad. Pambuyo pake anayamba kugulitsa mapulani ndipo anthu wamba m'maiko ambiri akhoma maboti kuseri kwa nyumba zawo potsatira mapulaniwo.

Njira ina yake ndi yoti kalipentala aliyense wa pa Mchesi pano angaigwire msanga. Umadula pulayiwudi motsatira pulani, kuboola timabowo m'mbali, kenako kusoka zidutswazo ndi waya wa kopa ngati ukusoka thumba, ukamamanga wayayo umangoona thabwa likupindika lokha boti nkuyamba kuoneka. Ukatero umamata m'mizere monse ndi epoxy, guluu wolimba wosalowa madzi, wosakaniza ndi utuchi wosefa bwino, ikauma uzula waya uja nkukuta ndi fibreglass, nsalu ya ulusi wa galasi yomatidwa ndi epoxy yemweyo. Kutsogolo ndi kumbuyo umasiya zipinda zotsekeratu zopanda polowa madzi, kuti olo mafunde alidzadze lisamire. Koma pulayiwudi yake si iyi timapangira makabatiyi, imafunika ya marine, yopangidwira m'madzi, ndipo kuti udziwe ngati sanakunamize dula kachidutswa ukawiritse mu poto, kakayamba kumatuka ndiye kuti guluu wake si wa m'madzi, usaikepo moyo wa munthu. Misomali wamba nayonso ayi, imachita dzimbiri nkuwoletsa thabwa.

Pamene ndimatsutsana ndi anzanga ena ndi pa nkhani yojambula wekha pulani. Kukhoma tingathe, koma kudziwa kuti kulemera kukhale pati, thanga likhale lalikulu bwanji, boti likapendekeka lidzuka kapena ligudubuka, amenewo ndi masamu ndipo sitingangoyeza ndi maso. Yamba ndi pulani yomwe ena anayenda nayo kale, kaboti ka mamita 3 kapena 4, zako udzajambule utayamba waona mmene madzi amachitira. Nyanja yathuyi tisaiderere poti si yamchere, kutalika imapitirira makilomita 500, kuya mpaka mamita 700 cha kumpoto, ndipo mwera ukalusa mu June ndi July mafunde ake ndi oopsa zedi. Sitima ya Vipya inali yatsopano, yopangidwa ndi akatswiri, koma mu 1946 inamira kufupi ndi Chitimba ndipo anthu oposa 140 anafa.

Wofuna kufika ku Indian Ocean adziwe kuti Shire sangamutulutse, mathithi ndi ambiri mpaka ku Kapichira, ndiye boti liyenera kukwera lole kupita ku Nacala kapena Beira. Pajatu Ilala nayo inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland nkudzalumikizidwa ku Monkey Bay, kuyamba ntchito mu 1951. Choncho poyeserera pathu ndi pa nyanja yomweyi, ndipo ndi pomwenso pali anthu ofuna maboti abwino lero.

Pempho langa kwa a TEVETA ndi loti akonze maphunziro afupiafupi a akalipentala omwe tili kale pa ntchito, ku Salima Technical College pafupi ndi madzi pomwepo, aitanitse amisiri a ku Mpwepwe ku Mangochi omwe akhala akukhoma maboti kwa zaka zambiri adzatiphunzitse. Boma liganizirenso zochepetsa msonkho pa epoxy ndi pulayiwudi ya marine poti zimachokera kunja ndipo ndi vuto la forex mitengo yake yafika posagwirika. A zoyendetsa za pamadzi nawonso atiuze poyera kuti munthu akamaliza boti lake alitengere kuti, alipire zingati, kuti liyezedwe lisananyamule anthu.

Kalipentala,
Mchesi, Lilongwe