Gasi wathu akutayidwa m'ngalande usiku

A Mkonzi,

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, galimoto ina yopopa zimbudzi inaima kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Garden n'kutsegulira paipi yake m'ngalande. Ndinaiona ndi maso angawa nditadzuka kukakoleza mbaula. Dalaivala anachita kuzimitsa nyale, mwina ankaganiza kuti mdima umabisanso fungo. Kutacha mdzukulu wanga anayesa kujowa popita kusukulu, nsapato imodzi inatsalira momwemo. Ndani akanapisamo dzanja?

Ku Manchinchi, kumene zonyansazi zimayenera kukatsitsidwa, munthu amafikako wapansi kuchokera pano. Koma abwanawa anaona kuti mafuta a galimoto ndi odula kuposa matumbo a ana athu. Zikomo bambo, mphatso yanu talandira. Kodi taiwala kale kuti mu January 2024 Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti zimene munatayazo ndi moto wophikira nsima. Zonyansa zikatsekeredwa m'thanki yosalowa mpweya, tizilombo timazidya n'kutulutsa gasi amene gawo lake loposa theka ndi methane, uja woyaka. Si nthano za ku Ulaya izi, matanki otere anamangidwa ku Kanyama ndi ku Chazanga konkuno.

Ena amati za m'zimbudzi zimatulutsa gasi wochepa. Zoona. Zokhala m'dzenje zaka zambiri zinawola kale, mphamvu inatha, kuwonjezera apo timaponyamo matewera, mapulasitiki, nsanza, mchenga, chilichonse. Komanso zonyansa pazokha zili ngati ndiwo zopanda nsima: nayitrojeni wachuluka, kaboni waperewera. Zimafuna kusakaniza ndi zakumunda. Pitani ku Soweto Market madzulo mukaone milu ya kabichi, repu ndi tomato wowola akudikira ulendo wa kudzala la ku Chunga. Pitani cha ku Chongwe mu September muone utsi wa mapesi. Mapesiwo atawaduladula n'kuwanyika, kuthirapo ndowe zaziwisi, thanki n'kumakhala yofunda cha pa madigiri 35, gasi amabwera wochuluka. Kungoti tomato ndi zipatso osakhuthulira zonse kamodzi, thanki imasasa ndipo tizilombo timasiya ntchito. Zotsala zikaumitsidwa bwino ndi manyowa.

Ndiye tizingokhala chonchi? Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba malaiti ankabwera ngati mlendo, pakati pa usiku, kukacha wapita. Tonse tinathamangira malasha, thumba linakwera mtengo, ndipo malole odzaza malasha akulowabe mumzinda usana ndi usiku pamsewu wa Mumbwa ndi wa Great East. Mitengo tikumaliza, chimene chikanaiteteza tikuthira m'ngalande. Pamisonkhano ya m'mahotela mawu oti "green energy", mphamvu zosawononga chilengedwe, ndiye sasowa, pamodzi ndi tiyi wake.

A ZEMA oyang'anira zachilengedwe, a NWASCO oyang'anira za madzi ndi ukhondo, ndi a khonsolo, chonde bwerani mudzaone ngalandeyi mvula isanaikokolole, ndipo mwini galimotoyo alandidwe laisensi. Kenako mangani thanki pafupi ndi msika waukulu, gasiyo agulitsidwe kwa amayi ophika nsima pamsikapo, ndipo dalaivala aliyense wobweretsa katundu wake pageti azilandira kangachepe. Tione ngati wina adzazimitsenso nyale kuseri kwa nyumba yanga.

Gogo wokwiya,
Garden, Lusaka