Tizifunsa kuti chitunda chidzasuntha masentimita angati

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za funso limene anthu ovomereza ntchito za madamu, misewu ya m'mapiri ndi nyumba za pamalo otsetsereka salifunsa kawirikawiri. Nkhani ya chivomezi ikabwera, iwo amangofuna kumva ngati chitundacho chidzagumuka kapena ayi, ndipo injiniya akanena kuti ncholimba, zokambirana zimathera pomwepo. Kwa ine funso limeneli nloperewera. Lofunika kufunsa ndi lakuti nthaka ikadzagwedezeka mwamphamvu, chitundacho chidzasuntha masentimita angati.

Kale mainjiniya ankawerengera chivomezi ngati mphamvu imodzi yokankha chitunda cham'mbali mosalekeza, nkuyerekeza mphamvu imeneyo ndi kulimba kwa dothi. Njirayi njosavuta, koma chivomezi sichichita choncho. Chimakankha uku ndi uku kangapo pa sekondi imodzi, ndipo kukankha kwamphamvu kwenikweni kumatenga kanthawi kochepa kwambiri, moti dothi likhoza kulephera kwa kamphindi, nkusuntha pang'ono, kenaka nkugwiranso. Amene anaika maganizo amenewa m'masamu ndi Nathan Newmark wa ku University of Illinois, m'nkhani imene anakamba ku London m'chaka cha 1965 yokhudza madamu ndi zitunda zomangidwa ndi dothi. Iye anayerekeza dothi limene lingatsetsereke ndi chinthu cholimba chokhala pamalo opendekeka.

Aliyense angathe kuona zimenezi ndi maso ake, ndipo ine ndinayesapo. Ndinaika njerwa pathabwa, ndinalipendeketsa mpaka njerwayo inatsala pang'ono kuyamba kutsetsereka, ndinalemba mzere ndi choko pamene inalekezera, kenaka ndinayamba kugwedeza thabwalo m'litali mwake. Pogwedeza pang'onopang'ono njerwa sinasunthe n'komwe. Nditagwedeza mwamphamvu, inatsika pang'ono nkuima, ndipo ulendo uliwonse wamphamvu inkatsikanso pang'ono, osabwereranso kumtunda. Nditasiya, panali mpata wa zala zitatu pakati pa njerwa ndi mzere uja. Mpata umenewo ndiwo njira ya Newmark imafuna kuyeza. Pamafunika zinthu ziwiri: kudziwa kukula kwa kugwedezeka kumene kungayambitse dothi kusuntha, komwe kumadalira kutsetsereka kwa malo, kulimba kwa dothi ndi madzi amene ali m'kati mwake, ndiponso kukhala ndi zimene makina analemba pa zivomezi zenizeni. Kompyuta imaphatikiza timitunda tonse timene dothi layenda nthawi iliyonse imene kugwedezeka kwapyola malire aja.

Ubwino wa yankho la m'masentimita ngwakuti munthu wosaphunzira uinjiniya angathe kuliweruza. Chipupa cha damu chikati chidzatsika masentimita 30 pamene pakati pa madzi ndi pamwamba pake pali mamita atatu, madzi sadzasefukira, ndipo ming'alu ikhoza kukonzedwa. Koma masentimita 30 omwewo pansi pa maziko a nyumba kapena pa paipi ya madzi ndi chiwonongeko. Njira ya Newmark yakhala ikuwongoleredwa. Mu 1978 mainjiniya awiri, Makdisi ndi Seed, anaisintha poganizira kuti damu silolimba ngati njerwa ndipo pamwamba pake pamagwedezeka kwambiri kuposa pansi. Chivomezi cha ku Northridge ku California, cha pa 17 Januwale 1994, chinagumula malo otsetsereka opitirira 11,000, ndipo akatswiri a bungwe la United States Geological Survey anayerekeza mapu a malo amene anagumukadi ndi masamu a Newmark. Anapeza kuti kumene masamu ankasonyeza kusuntha kwakukulu, nkomwenso kugumuka kunachuluka. Akatswiri ambiri amaona kuti kusuntha kwa masentimita 5 mpaka 10 nkokwanira kung'amba dothi ndi kulifooketsa, makamaka pamalo a miyala yosweka msanga.

Komabe sindikufuna kuti owerenga aziikhulupirira nambala imeneyi mopanda kufunsa, chifukwa pali dothi limene silitsatira chitsanzo cha njerwa ija. Njerwa imaima kugwedeza kukatha popeza kugwirana kwake ndi thabwa sikusintha. Mchenga wosatsendereka wodzaza madzi suli choncho: ukagwedezeka, madzi a pakati pa timchengato amapanikizika, timchengato timaleka kugwirana, ndipo dothi lonse limayenda ngati phala. Izi nzimene zinachitika pa 9 Febuluwale 1971 pa damu la Lower San Fernando pafupi ndi Los Angeles, limene linamangidwa ndi dothi lothiridwa pogwiritsa ntchito madzi. Mbali ya chipupa yoyang'ana kumadzi inagumukira m'damumo, ndipo pakati pa madzi ndi pamwamba pa chipupa chotsalacho panangotsala pafupifupi mita imodzi ndi theka. Anthu pafupifupi 80,000 okhala kumunsi anasamutsidwa kwa masiku angapo pamene madzi ankachepetsedwa. Pa dothi lotere, masamu a njerwa angapereke nambala yaing'ono yotonthoza mtima pamene ngozi yeniyeni ili yaikulu, ndipo chimenechi ndicho chimandidetsa nkhawa koposa zonse.

Nchifukwa chake ndikupempha aliyense amene amasaina mapulani a ntchito zoterezi, kaya ndi wa boma, wa khonsolo kapena mwini ntchito, kuti asalandire lipoti longonena kuti malowo ngotetezeka. Lipotilo linene kuti dothi lidzasuntha motani, pa chivomezi chachikulu bwanji, ndipo lisonyeze ngati nthaka inabooledwa kuti aone zimene zili pansi. Lifotokozenso ngati madzi a pansi panthaka anayezedwa m'nyengo ya mvula, pakuti chitunda chimene chayezedwa chili chouma chimaoneka cholimba kuposa mmene chidzakhalire chitamwa madzi. Ngati pansipo papezeka mchenga wonyowa wosatsendereka, injiniya ayambe wayankha funso la kusungunuka kwa dothi, kuyenda ngati phala kuja, asanatchule masentimita alionse.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu