Kalata kwa Mkulu Woona za Usodzi m'Boma la Mchinji

Bwana,

Ndine mlimi wa nsomba. Ndili ndi madamu awiri a makumba ndi chilunguni m'dambo lomwe madzi ake amathera mu Rusa. Ndikulemberani za kachilombo komwe anzathu a ku Zambia akulimbana nako, ndipo njira yochokera ku Chipata kudzera pa Mwami mukuidziwa kufupika kwake.

Kachilomboka amakatchula redclaw. Ndi m'bale wa nkhanu, koma thupi lake n'lalitali, lamchira, ndipo yamphongo imakhala ndi banga lofiira pa zopanira. Kwawo ndi kumpoto kwa Australia. Anthu anabwera nayo kuti aziweta, inathawa, lero yadzaza mu Kafue ndi mu Kariba. Asodzi akumeneko akapita kukawonjola maukonde m'mawa amapeza nsomba zodyedwa kale, zosagulitsika.

Ena amati nkhanu ndi nkhanu basi, ngakhale yathu ya m'mitsinjeyi imadya ana a nsomba. Zoona. Koma akatswiri ali ndi njira yoyezera: amaika nkhanu imodzi m'chidebe, yamtundu wina m'chidebe china, n'kuzipatsa chakudya chowerengeka, kenako n'kuwerenga chotsala. Amabwereza, nthawi zina chakudya chochepa, nthawi zina chambiri, kuti aone kuti ndi iti yomwe imaleka kudya chakudya chikayamba kusowa, ndi iti yomwe imapsereza mpaka chomaliza.

Zimene zinaoneka ku America ndi zomwe zikundisowetsa tulo. Nkhanu ya m'gombe yochokera ku Asia inapezeka koyamba ku New Jersey mu 1988. Kumeneko inapeza nkhanu yobiriwira ya ku Ulaya, nayonso yobwera, itakhazikika kalekale. Ataziyeza imodziimodzi, yobiriwirayo inkadya nkhono za m'nyanja zambiri kuposa ya ku Asia. Koma ya ku Asia inaswana n'kudzaza pansi pa mwala uliwonse, mwakuti zonse pamodzi zinkatha nkhono zochuluka. Choncho wina akadzakuuzani kuti redclaw imodzi sidya kuposa nkhanu yathu, mudzamufunse kuti zikhala zingati m'damu pakatha zaka zitatu.

Rusa amathira mu Bua, Bua amadutsa ku Kasungu n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo ndi mtsinje womwe mpasa zimakwera kukaswana. Damu langa likasefukira mu Febuluwale, zonse zili m'menemo zimayamba ulendo umenewo. Za namasupuni mu Shire sindikufuna kukukumbutsani, mukuzidziwa kuposa ine.

Lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kale kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo, koma mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri akamva kuti ku Lusaka chinthuchi chimagulidwa bwino m'mahotela, adzachinyamula m'chigubu osadziwa kuti walakwa. Ndikupempha kuti alangizi anu aziyenda ndi chithunzi chake pamisonkhano ya makalabu athu, china muchipachike pachipata cha Mwami, ndipo mutiuze koti tikanene tikachiona mu mono.

Ine wanu,
Mlimi wa nsomba, Mchinji